Chingerezi cha pa Mulu wa Miyala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinasanduka mphunzitsi wa amayi anga. Bambo tinali titangowaika m'manda, ndipo abale awo anagamula kuti ana asanu sangakule ndi mayi wophwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Kalikiliki, mu Lusaka. Bambo aang'ono a ku Petauke ananena kuti amayi akapanda kupeza ntchito yooneka mwezi usanathe, adzanditenga ine woyamba kubadwa. Ndinkadziwa kuti kumeneko sikundidikira sukulu, koma khasu ndi mtondo, ndipo mantha ake ankandithetsa njala.

Amake Mwansa, oyandikana nawo nyumba, ankagwira ntchito kumayadi ku Kabulonga. Iwo ndiwo anabweretsa nkhani yoti mzungu wina akufuna wantchito wa m'nyumba. Koma anachenjeza kuti mabwana safuna mkazi wa ana ambiri, poti lero uyu malungo, mawa uyo chifuwa.

"Bakakufunsani za bana, kambani chabe ati few, bali kumunzi," anatero. "Tonse timachita so."

Amayi sankadziwa Chingerezi, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira komwe ankaphwanya miyala. Fumbi loyera linkatiumitsa kukhosi, nyundo ili gogogo. Ndinkaloza mulu waukulu n'kunena kuti many stones, kenako timiyala ta m'dzanja, few stones. Ndinawafotokozera monga momwe aphunzitsi anatiuzira, kuti mawu a kuchuluka amatsogola, dzina la zinthuzo n'kutsatira. Anzawo ophwanya miyala ankaseka kuti amake Tiza, poti ndilo dzina langa, alowa giredi wani ndi imvi zomwe, koma amayi mutu anali nawo. Posakhalitsa ankatha many plates, a few onions, some tomatoes, osapunthwa.

Tikafika pa few children, basi chifuwa chawagwira. Mwina ankangotola nyundo n'kuyambanso kuphwanya. Ndinawapempha, ndinawanyengerera, tsiku lina ndinagwada pamiyala yakuthwa ija mpaka mawondo kutuluka magazi.

"Amayi, ni mau yabili chabe. Mufuna banitenge?"

Anandipukuta mawondo ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku loonana ndi mzungu anavala chitenje cha kutchalitchi ndi nsapato zobwereka. Anabwerako dzuwa lili pamutu, nsapato zili m'manja. Amake Mwansa ndiwo anafotokoza, akupsa mtima. Mzunguyo anali atakonda kusita kwawo ndi ukhondo wawo, ntchito inali m'manja. Atafunsa za ana, amayi anati many children, n'kuimika zala zonse zisanu. Mzunguyo anawauza kuti adzawaitana, ndipo tonse tinadziwa tanthauzo lake.

Ine ndinkangoti asokoneza mawu. Ndinalira mpaka mawu kutha, ndikudzifunsa kuti ndinalakwitsa pati powaphunzitsa. Mwezi utatha bambo aang'ono anabweradi, ndipo ndinakwera basi ya ku Petauke mtima uli wowawa ngati ndulu. Sukulu yanga inathera pomwepo.

Ndinabwerera ku Lusaka ndili wamkulu. Nditabereka mwana wanga woyamba, amayi akumusambitsa m'beseni, ndinawakumbutsa moseka za Chingerezi chawo chopotoka chija. Iwo sanaseke.

"Nenze niziba, Tiza. Few ni ving'ono, many ni vambili. Unaniphunzisa bwino. Manje nenze nangoika atate bako m'manda. Sembe ninakamba na kamwa yanga ati muli bang'ono, Mulungu anamvela, sembe anayambila pali ndani?"

Mpaka lero sindinena kuti anachita bwino, chifukwa zaka zanga za sukulu sizinabwerere, ndipo nthawi zina zimandipwetekabe. Koma tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndayesapo ndili ndekha kutchula mawu awiri aja. Nanenso chifuwa chimandigwira.