Kukafuna nyimbo ya bambo ku Kawale

Ndinanyamuka ku Chinsapo Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, nditavala jekete langa la ukwati limene masiku ano limakana kumanga mabatani. Chipumireni pantchito ya umesenjala ndakhala ndikukamba nthano, poyamba kwa adzukulu, kenako ku Sande sukulu, mpaka anthu anayamba kundiitana. Tsikuli ndinkayembekezeka kutchalitchi china ku Area 23, ndipo ndinali nditalonjeza ana nthano ya malemu bambo anga, ya mlenje amene ng'oma yake inkaitana ana osochera. Koma nyimbo yake ndinkangokumbuka mzere woyamba: "Ng'oma yalira kudambo." Nthano yopanda nyimbo ndi ndiwo zopanda mchere, ndipo woidziwa anatsala mmodzi, achemwali anga a Nangozo a ku Kawale.

Minibasi ya m'tauni inali K1,500, ndipo kondakitala anatipanikiza anayianayi.

"Madala, sunthani pang'ono, jekete lokhalo latenga mpando," anatero.

Ndinasuntha, n'kumang'ung'udza kamzere kanga kaja. Mayi wina amene anafungatira beseni la tomato anandifunsa ngati ndi ya kwaya. Nditamuuza kuti ndi ya nthano anaseka. "Zikadalipo zimenezo, abambo?"

Padepoti ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, K2,000, jekete lili pepepe kumbuyo. Podutsa ku Mchesi fungo la matabwa linandigwira pamtima, paja bambo anali kalipentala. Kawale ndinamupeza wasintha. Pamene tinkamenyera mpira wachikulunga pali mashopu, ndipo mtengo wa mango umene unandithyola mkono anaudula kalekale.

Achemwali ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Anandipatsa thobwa, ine n'kufotokoza chimene ndadzera.

"Ndiye wawononga ndalama zonsezo kudzafuna chinthu chimene kulibe?" anatero. "Nyimbo ija inalibe mawu ena. Bambo akati 'ng'oma yalira kudambo', ankaponyapo dzina la mwana amene wayamba kusinza kapena kusewera, ife tonse n'kuyankha kuti 'bwera kumudzi'. Basi."

"Nanga ine sindikukumbuka bwanji, achemwali?"

"Ukumbuke chiyani iwe, mwini tulo? Dzina limene linkaimbidwa kwambiri linali lako."

Ndinaika thobwa lija pansi. Zaka zonsezi ndinkadziimba mlandu kuti ndataya chuma cha bambo, osadziwa kuti iwo ankangofuna kuti ndisagone nthano isanathe. Ndinawasowa kwambiri bambo anga tsiku limenelo.

Achemwali anasintha chitenje n'kunena kuti akupita nawo, akaone mmene ndimanamizira ana a eni. Tinakwera minibasi yodzera ku Chilinde, iwo akudandaula maenje a mumsewu, ine ndikukukuta chimanga chootcha ndi mano anga otsalawa. Tinafika 2 koloko itangokwana.

Ana anali atadzaza mabenchi m'holo ya tchalitchicho. Ndisanayambe ndinayenda mzere ndi mzere kufunsa mayina, n'kuwaphunzitsa poyankhira. Nditati "Padangotero", "Tili tonse" wake anatuluka wofooka, ngati wa anthu odwala malungo. Mlenje atangolowa m'nkhalango ndinaona mtsikana wina akunong'oneza mnzake. Ndinaimba: "Ng'oma yalira kudambo, Tadala!" Holo yonse inayankha kuti "Bwera kumudzi", Tadala n'kubisa nkhope m'manja akuseka. Kuchokera pamenepo palibe anayang'ananso kunja. Ena ankachita kusinza mwadala kuti ndiwaimbe, ndipo ndinawaimba onse.

Ana osochera atabwerera kwawo ndinatseka nthano, ndikupukuta thukuta. Apo m'pamene achemwali anadzuka kumbuyo, atagwirira benchi.

"Watsala mmodzi," anatero.

Anaimba nyimbo ya ng'oma ija, n'kuponyapo dzina langa laubwana, Kamwendo, limene ngakhale mkazi wanga salidziwa. Ana anayankha mokweza kuti ndibwere kumudzi, osadziwa kuti Kamwendoyo ndi gogo wa jekete amene waima patsogolo pawo. Ndinalira, sindibisa.

Pobwerera ku Chinsapo ndinkaganiza kuti ndinapita kukafuna mawu a nyimbo, pamene bambo anandisiyira ntchito yoyang'ana nkhope za ana. Ndinazindikiranso kuti padziko pano watsala munthu mmodzi yekha wodziwa kundiitana ndi dzina limenelo, ndipo mawondo ake ayamba kale kukana.