Mkazi wa m'Kabokosi ndi Nthambi ya Panjira

Senderani kuno. Amene muli kutali kokani mpando, ndipo iwe amene ukuwerengera anzako ukweze mawu, chifukwa nkhani ya sabata ino sindikufuna ipite ndi mphepo. Mtima wanga sunakhale pansi mpaka lero.

Lachiwiri m'mawa ndikusesa pabwalo pa mwana wanga Fatima kuno ku Cuamba, foni inalira. Mng'ono wanga Asiyatu, wa kunyanja ya Amaramba, watisiya. Ife Asilamu maliro sitigoneka. Anati aika ikangotha swala, pemphero lathu la masana.

Ine ndi Asiyatu tinali ndi pangano. Tinapangana tili ku Malawi nthawi ya nkhondo, tsiku lomwe tinaona mayi wina akusambitsidwa ndi anthu osadziwa ngakhale dzina lake. Tinati wotsala adzasambitsa mnzake. Pangano lake linali lomwelo basi, ndipo ndalisunga mpaka mano andithera m'kamwa.

Mkamwini wanga, bambo a Rozita, ndi munthu wabwino, izi ndinene poyamba. Atamva anasiya ntchito, anakathira mafuta m'galimoto, n'kubwera kudzaima pakhomo.

"Uwauze amayi akwere," anauza Fatima.

Ine ndili pomwepo. Musaseke, ndi mmene tinaleredwera. Mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, mawu amadutsira mwa mwana. Ndinakwera kumbuyo, kapulana, chitenje changa, nditakokera kumaso.

Tsono pagalasi la kutsogolo mkamwini wangayu anamatapo kabokosi kakukula ngati sopo wochapira, akuti jipiyesi. Anakagula motchipa pamsika, kwa munthu wogulitsanso matochi ndi mawailesi. M'kati mwake muli mkazi wolankhula Chipwitikizi, ntchito yake kuuza woyendetsa pokhota. Dzuwa likatentha kamagwa pagalasi. Waya wake ukagwedezeka kamazima, ndiye amaupanikiza ndi kamtengo ka machesi. Koma m'tauni kamagwira ntchito, bodza ayi. Chaka chatha kanatifikitsa pakhomo penipeni pa chipatala ku Nampula, komwe tonse tinali tisanapondeko. Kuyambira tsiku limenelo bambo a Rozita amakamvera ngati mayi wowabala.

Tinagwira msewu wopita ku Mandimba. Inu oyenda mukupadziwa pamphambano pomwe shapa, minibasi ya kuno, imatsitsa anthu a kunyanja, pomwe amayi amayala nsomba zouma ndipo a njinga amadikira pamthunzi. Apo ndi pomwe munthu amatsika, n'kupereka moni, n'kufunsa za njira. Ife sitinafikepo. Kudakali kamtunda, mkazi wa m'kabokosi analankhula, ndipo galimoto inakhotera kumanzere, m'kamsewu ka dothi.

"Akuti iyi ndi yachidule, amayi," anatero Fatima.

Ndinakondwa. Dzuwa linali likukwera, ndipo kunyanja ndinali nditatenga nthawi ndisanapiteko. Ndinati mwina anthu analambula njira yatsopano ine ndili kuno.

Titayenda ndithu ndinaona nthambi ya msuku itagonekedwa mopingasa njira. Patsogolo pake inanso. Masamba ali biriwiri, osafota.

Ana a m'tauni, mverani apa. Nthambi yopingasa panjira ndi pakamwa pa munthu amene wadutsa iwe usanafike. Akuti uku ayi, bwerera. Masamba akakhala aawisi ndiye kuti wanena lero lomwe.

Matayala anaziponda, thyo.

Ndinamugwira Fatima paphewa. "Uwauze bambo a Rozita kuti njira iyi yatsekedwa. Abwerere."

Fatima, maso ali psuu ndi kulira, anatembenukira kwa mwamuna wake. "Amayi akufunsa ngati njira ndi yomweyi."

"Uwauze amayi asade nkhawa. Akuti tatsala pang'ono."

"Akuti tatsala pang'ono, amayi."

"Ndamva, sindine gonthi. Ine ndikunena nthambi."

"Akuti aona nthambi."

"Ndi mphepo ya mvula yadzulo imeneyo."

Mphepo imadula nthambi ndi chikwanje? Funso limeneli ndinafunsa kapulana wanga, chifukwa mkamwini sutsutsana naye. Mawu anga ankachoka kumbuyo ali mwala, pofika kutsogolo ali phala. Fatima sankafuna kuchititsa manyazi mwamuna wake, ine sindinkafuna kukweza mawu. M'galimoto monsemo, mkazi mmodzi yekha ndiye anali ndi ufulu wolankhula ndi mkamwini wanga mwachindunji, ndipo ndi amene sanapondepo dothi la ku Amaramba.

Msewu womwe iye amaudziwa ndi wakale, wa magalimoto a thonje a nthawi ya Apwitikizi. Umadutsa m'dambo, ndipo kamlatho kake kanagwa ife tisanabwerere kuchoka ku Malawi. Chilimwe a njinga amadutsa. Dzinja ndi matope okhaokha obisala pansi pa udzu.

Galimoto inalowa mpaka m'mimba. Matayala kulira, matope kuulukira m'mwamba, ife osasuntha. Ndipo mkazi uja, ndi mawu ake ozizira omwe aja, akuti pitirirani kutsogolo. Kenaka akutinso pitirirani kutsogolo.

Ndinayang'ana dzuwa. Linali litafika paliwombo.

"Bambo," ndinatero, "mutontholetseni mkazi wanu wa m'kabokosiyo."

Zaka zonse zomwe wakhala ndi mwana wanga, amenewo ndiwo anali mawu anga oyamba kwa iye opanda mkhalapakati. Anazula waya. Sanatembenuke. "Pepani, amayi," anatero akuyang'ana chiwongolero.

Ndinavula nsapato n'kuyamba kubwerera wapansi, iwo akukumba matope ndi manja. Pafupi ndi nthambi zija ndinakumana ndi bambo wina wa njinga, dengu la nsomba lopanda kanthu kumbuyo.

"Agogo, mwachokera uko? Nthambi simunazione?"

"Ndinaziona."

"Nanga?"

"Akuyendetsa ndi akamwini."

"Aa," anatero. Anamasula dengu, n'kulibisa m'tchire, n'kundikweza.

Anapalasa munthu uja, thukuta kuchita kudontha m'chigongono. Koma tikulowa m'mudzi ndinamva mawu a amuna akutalikira cha kumanda, jeneza yonyamulira maliro ili pamapewa. Ndinangoona nsalu yobiriwira ikulowa m'mitengo. Ife akazi kumanda sitipita.

Mwana wa Asiyatu anandigwira dzanja. "Tinadikira, amayi aakulu. Tinadikira mpaka ashehe anati sitingapitirirenso. Tawasambitsa ndi anzawo a kumzikiti."

Ndinati andionetse pomwe anathira madzi. Kuseri kwa nyumba, pansi pa mpapaya, dothi linali lisanaume. Ndinagwada n'kuikapo manja onse awiri. Kusambitsa kwanga kunali komweko.

Tsono chikundisowetsa mtendere si galimoto ya mkamwini wanga yokha. Tayang'anani pagalasi la shapa iliyonse yochoka ku Cuamba masiku ano, tayang'anani a njinga zamoto, aliyense ali ndi kabokosi kapena foni yomuuza pokhota. Ndani akutsikabe kufunsa? Akale anati kufunsa ndi kudziwa njira, koma pofunsapo sumangolandira njira yokha. Umamva kuti mlatho wapita ndi madzi, kuti kwa akutiakuti kuli maliro usaimbe wailesi. Komanso anthu amakuona. Ukapanda kufika, alipo wonena kuti galimoto yoyera inalowera uku dzuwa lili apa. Ife tikanagona m'dambo muja, ndani akanadziwa kotifunafuna? Tinadutsa anthu onse ngati mizimu.

Munthu ukamufunsa njira yomwe saidziwa amakuuza kuti funsani kutsogoloko. Kabokosi kameneka sindinakamvepo kakunena kuti sindikudziwa. Kolondola ndi kosokera kamanena ndi mawu amodzimodzi. Lero ndi ine ndi maliro. Mawa ndi mayi wapakati wa ku Itepela, kapena mwana wolumidwa ndi njoka ku Lúrio, woyendetsa ali mlendo, mvula itagwa, ndipo nthambi ili panjira popanda woiwerenga.

Sindikuti mukataye m'chimbudzi. Ku Nampula kanatithandiza, ndanena kale. Sindikutinso apongozi ayambe kukalipira akamwini ngati ana awo. Ulemu umenewu wasunga mabanja ambiri. Koma ndakhala ndikudzifunsa: ulemu womwe umaona nthambi n'kukhala chete, ndi kabokosi komwe sikaona kanthu koma sikatseka pakamwa, chinandichedwetsa ndi chiti?

Galimoto anaitulutsa amuna a m'mudzi mawa lake, ndi mitengo ndi zingwe. Bambo wa njinga anabwerera kukatenga dengu lake, sindinamufunse ngakhale dzina, ndipo zimenezi zikundiwawa. Fatima akuti kuyambira tsopano mawu anga azifikitsa athunthu, tiona. Bambo a Rozita anakhala pamaliro mpaka tsiku lachitatu, akutunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Masiku ano amandipatsa moni okha m'mawa, ndipo tonse awiri sitidziwa koika maso. Kabokosi anakamatanso pagalasi. Akuti vuto ndi mapu akale, ndipo munthu anawagulitsa uja anasamuka pamsika.

Asiyatu wagona pafupi ndi amayi athu, ndipo pambali pake patsala malo anga.

Dzulo ndinauza Fatima kuti alembe dzina la mudzi wathu m'kabokosimo, ndione ngati kakuudziwa. Analemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Mulibe. Pomwe pali nyumba zathu, mzikiti ndi manda, kakuonetsa poyera ngati mbale yotsuka.

Ulendo wanga womaliza wopita kunyanja ndidzakhalanso kumbuyo kwa galimoto yomweyo, nsalu ili kumaso, ndipo tsiku limenelo sindidzagwira munthu paphewa. Inu amene mudzakhale kutsogolo, mukadzaona nthambi yaiwisi itapingasa njira, mudzaima?