Chidendene sichinama

Bambo osoka nsapato aja a pakhonde la sitolo ya zitsulo sakhulupirira za pakamwa pa munthu. Ukawapatsa moni, amayamba ayang'ana mapazi ako, kenako n'kuyankha. "Lilime limanama," amatero, "koma chidendene sichidziwa bodza." Akuti nsapato ya chidakwa imadyeka mbali imodzi chifukwa cha kudzandira.

Ndiye mkamwini wawo, kalipentala amene mkazi anamuthawa chifukwa cha mowa, atayamba kuyenda ndi buku la anthu osiya kumwa, iwo sanatengeke nazo. Buku lonenepa choncho, ankaganiza, mwina analiboola pakati n'kubisamo kabotolo.

Tsiku lina mkamwiniyo anafika n'kunjuta pambali pa benchi.

"Bambo, ndatha miyezi isanu osalawa. Ndikupempha mkazi wanga abwerere."

Mkuluyo analanda bukulo, kulikutumula, kulinunkhiza. Munangogwa utuchi. Masamba anali akuda ndi zala, ena opindidwa pakona.

"Kuwerenga ngakhale wakuba amawerenga. Vulani nsapato."

Anazitembenuza, n'kuyendetsa chala pazidendene zimene anasokerera okha mwezi womwe mwana wawo anachoka kubanjako. Zonse zinali zitadyeka mofanana.

"Mwabwereka kwa yani?"

"Ndi zanga, bambo. Ulusiwo si wanu?"

Anamubwezera nsapato, koma buku ayi.

"Pitani mukalankhule naye. Ili litsale, ndione ngati silikunama."

Mpaka lero sanabweze. Makasitomala akachepa, bambowo amalitsegula, ndipo akamawerenga amabisa mapazi awo pansi pa benchi, kuti wina asaone mmene zidendene zawo zinadyekera mbali imodzi.