Cheza Pachifuwa

Efulemu Kachiwanda anabadwira ku Nathenje pa 9 Juni 1981, ndipo pa 3 Febuluwale 2014 anakhoma benchi lokonzerapo mafoni pamsika wa Mitundu. Lero dzanja lake lamanja lili ndi zala zitatu.

Amayi ambiri amasunga foni m'kamisolo. Itafala mphekesera yoti foni imayambitsa khansa ya m'mawere, ankapita kwa iye. Efulemu ankadina *#07#, foni n'kuonetsa nambala ya mphamvu yosaoneka imene imalowa m'thupi. Mphamvuyo ankaitchula kuti cheza, ngati cheza cha dzuwa.

Lachitatu pa 16 Ogasiti 2023 kunabwera Enifa, mayi wogulitsa tomato.

"Achimwene, ndili ndi chotupa kubere," ananong'ona. "Abambo akunyumba asamve. Akamva andisiya."

"Sindiulula, mayi. Foni yanu siinapyole mlingo. Koma chotupacho mukaonetse kuchipatala cha Nkhoma."

Anawalembera kapepala monga ankachitira ndi aliyense: Mayi Enifa, cheza pachifuwa, 0.9.

Loweruka m'mawa msika uli yakaliyakali, anatulukira Jeremiya, mwamuna wa Enifa, kapepala kudzanja lina, chikwanje kwina. Anaponda benchi, mafoni n'kumwazikira m'fumbi. Anamugwira Efulemu pakhosi n'kumumenyetsa mutu kumzati mpaka mphuno inatuluka magazi.

"Galu iwe! Ukufuna kucheza pachifuwa cha mkazi wanga? Mpaka kupangana 9 koloko!"

"Abambo, si nthawi imeneyo. N'cheza cha foni."

"Cha foni? Nanga iyeyo anadzayezetsa chifukwa chiyani? Yankha!"

Efulemu analavula dzino. Yankho linali pakamwa, ndipo ankadziwa kuti likanamupulumutsa. Koma anali atalonjeza kuti saulula.

Chikwanje chinakwera. Efulemu anatchinjiriza mutu ndi dzanja, ndipo kachala kakang'ono ndi chinzake zinagwera m'bokosi la mabatire. Amayi anakuwa. Jeremiya akukwezanso chikwanje, Enifa anabowola gulu la anthu, chitenje chikukwekwereka pansi. Anagwira dzanja lamanzere la mwamuna wake n'kulikanikiza pabere pake, msika wonse ukuona.

"Gwirani! Mwachimva? Chibwenzi changa n'chimenecho!"

Chikwanje chinagwa. Anyamata a kabaza anamugwetsa Jeremiya, n'kumupondaponda asanamupereke kupolisi. Efulemu ananyamulidwa panjinga, dzanja litakulungidwa m'chitenje cha Enifa.

Enifa anapita ku Nkhoma pa 22 Ogasiti, ndipo chotupa anachichotsa pa 5 Okutobala. Khoti linalamula Jeremiya kukhala kundende zaka zinayi. Ukwati umene Efulemu anautayira zala unathera pomwepo, ndipo anauthetsa ndi Enifa yemweyo.

Efulemu anabwerera pabenchi pa 13 Novembala. Tizitsulo ting'onoting'ono timamupulumuka, choncho amachedwa, ndipo makasitomala ena anamuthawa. Mafoni a amayi amayezabe. Mawu oti cheza anawasiya. Amangolemba nambala yokha, ndi dzanja lamanzere, zilembo zake zokhotakhota.