Tsiku limene Tahani anasambitsa siteshoni

Mwana wa mlongo wanga, Azmi, anabadwa ndi bulashi m'manja. Azamba amene anamulandira akadalipo ku Tanta kuno, mukawafunse. Akuti asanalire n'komwe, anayamba wayang'ana khoma la chipindacho n'kupukusa mutu, poona kuti amene anapakapo penti sanapale kaye wakale. Lero ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo m'dera lathu mulibe nyumba imene sanaigwirepo. Anthu amamulemekeza kuti Usta Azmi, mmisiri. Ine ndimangoti iwe Azmi, chifukwa ndinamuona akudya dothi.

Bambo ake, malemu Fikri, ndiwo ankatseka geti ndi kuyatsa nyali pa kasiteshoni ka Kafr el-Tin, kunja kwa mzinda. Kanali kasiteshoni koti sitima zazikulu zinkadutsa osakapatsa ngakhale moni. Koma Azmi anakulira pamenepo, ndipo mkazi wake Tahani anamuonera pamenepo, popeza kwawo kwa Tahani kunali kutsidya kwa njanji. Zaka khumi zapitazo akuluakulu a njanji anagwetsa kasiteshoniko, n'kuikapo chikhonde cha simenti chopanda nkhope. Chithunzi chake palibe anasunga. Azmi atamva anakwera minibasi, anakapeza mulu wa njerwa, n'kudzaza fumbi la pamalopo m'chitini cha maswiti a halawa. Chitinicho chinakhala pamwamba pa kabati zaka zisanu ndi zinayi, ndipo alendo awiri anathirapo fumbilo mu tiyi poyesa zokometsera. Mmodzi mpaka anapempha lina.

Tsono pamwamba pa sitolo ya mankhwala ya mumsewu wathu pali chipinda chimene madoda asanu ndi atatu amakumanamo Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti. Ali ndi tebulo lalitali moti ukayetsemula kumutu kwake, wa kumapeto amakuyankha mawa. Pa tebulopo pali tinjanji, timilatho, timinda ta thonje, ndi tisitima tamagetsi totalika ngati chala. Anthu a imvi zawo, ena a zidzukulu, kukangana mpaka misempha ya m'khosi kutuluka chifukwa kasitima kachedwa masekondi atatu. Aliyense ali ndi gawo lake la tebulo. Panatsala malo amodzi okha, pokhotera njanji pafupi ndi zenera, okwana siteshoni imodzi basi.

Malowo ankawafuna anthu awiri. Wina ndi Azmi. Wina ndi a Dokotala Medhat, ozula mano, amene anaitanitsa siteshoni yopangiratu kuchokera ku Jeremani, ya m'bokosi, yongolumikiza ndi guluu. Wapampando wa gululo, Haji Shehata, amene anagulitsa matikiti pa Kafr el-Tin zaka makumi atatu, anagamula kuti tsiku lachiwiri la Idi aliyense abweretse yake. Yokomera anthu ikhala pa tebulo, inayo ibwerera kwawo pamutu pa mwini wake.

Azmi sanagule kanthu kupatula guluu ndi vanishi. Makoma anadula ku makatoni a maswiti, n'kuwamata pulasitala wopyapyala ngati khungu la anyezi. Njerwa anazilemba ndi singano, imodziimodzi. Iye amati zilipo zikwi zinayi, ine ndinawerenga mpaka miliyoni ndi theka maso n'kuyamba kulira. Mafelemu a mazenera anali a timitengo ta machesi tong'amba pakati. Wotchi ya pakhoma inali ngati kambewu ka mphodza, koma manambala onse khumi ndi awiri analipo. Chikasu cha makoma a siteshoni yakaleyo anachisakaniza kokwana makumi anayi, mpaka tsiku lina mayi ake anangoti balamanthu, n'kuyang'ana, n'kutembenukira kumbali. Pamenepo anadziwa kuti wachipeza. Anapaka vanishi, siteshoni n'kuwala ngati mkwatibwi.

Apa ndiye panayambira ntchito yeniyeni. Kwa anthu a tisitimawa, nyumba yowala ndi chidole cha ana. Iyenera kuoneka kuti yadya dzuwa, utsi ndi mvula. Ndiye tangoganizani, munthu amene moyo wake wonse wakhala akubisa litsiro la anthu, tsopano akuliika dala. Anakapempha mwaye ku uvuni wa buledi. Anasunga tiyi wa dzulo m'kabotolo. Fumbi la m'chitini lija analisefa ndi sefa ya ufa ya Tahani, nkhani imene sitiikamba pa banja pathu mpaka lero. Miyezi isanu ndi iwiri akungowaza ndi kabulashi ka tsitsi litatu. Ramadani itayamba, m'nyumba monse anthu akusala, siteshoni yokha ndi imene inkamwa tiyi masana. Chinatsala n'kupopera vanishi womaliza kuti litsirolo ligwire. Anati achita tsiku lomaliza, kuti mwina angafune kuwonjezerapo kena.

Inu mukudziwa zimene zimachitika m'nyumba zathu Idi ikayandikira. Makapeti onse amapita pakhonde kukalandira chikwapu. Makatani amatsika. Madzi a sopo amayenda pamasitepe ngati mtsinje wa Nailo wasefukira. Mwamuna ukakhala pampando mphindi zisanu osasuntha, amakupukuta pamodzi ndi mpandowo. Ndipo mumsewu wathu wonse, mfumukazi ya ntchito imeneyi ndi Tahani. Ntchentche zimavula nsapato zisanalowe kwake.

Kutatsala masiku anayi, Azmi anali kokamaliza kupaka nyumba ya munthu, poti aliyense amafuna makoma atsopano pa Idi. Ine ndinakumana naye pamsewu dzuwa likupendeka, n'kumutsatira kuti ndikamasule nawo kusala. Tikulowa, Tahani anatichingamira manja ali mbuu ndi sopo, nkhope ikumwetulira.

"Bambo a Karim, tabwerani mudzaone. Amalume, nanunso bwerani."

Pa tebulo la pabalaza panali siteshoni, ili ngwee. Pambali pake kansalu konyowa ndi mswachi wakale.

"Ndakusambitsirani kanyumba kanu," anatero Tahani. "Kanada ngati m'khitchini mwa mbeta yachimuna. Alendo abwere pa Idi adzaone zimenezija m'nyumba mwanga? Musaope, ndachita pang'onopang'ono, palibe chathyoka. Mpaka kuseri kwa wotchi ndafikako."

Azmi anakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni. Kumzikiti anaitana, anthu mumzinda wonse anayamba kudya, iye tende lomasulira kusala lili m'manja osalikumbuka.

"Mayi a Karim," anatero potsiriza, mawu ali ngati a mbuzi yodwala, "mwapukuta miyezi isanu ndi iwiri."

"Ndapukuta fumbi."

"Fumbi la Kafr el-Tin! Ndinaliika ndine! Dala!"

"Dala? Amalume, mwamva? Ine ndikuthyoka msana kuchotsa litsiro, mwana wa mlongo wanuyu akulilowetsa ndi bulashi."

Ine ndinati, "Mwana wanga, ine ndabwerera msuzi wa mphodza, za milandu sindikudziwa."

Azmi anafotokoza zonse, za malo a pazenera, za a Dokotala Medhat, za lamulo lakuti nyumba yowala ndi chidole. Anati kwatha, a Dokotala atenge malowo, iye sangakonze m'masiku anayi chimene chinamutengera miyezi isanu ndi iwiri. Tahani zinamukhudza, koma kupepesa kwake kumabwera ngati kukalipa. Anayang'ana siteshoni ija nthawi yaitali, kenaka anaika manja m'chiuno.

"Chabwino, ndalakwa. Koma ndikuuzeni zoona, litsiro lanu lija linali labodza."

"Labodza?"

"Labodza. Munaliwaza paliponse mofanana ngati shuga pa mabisiketi. Litsiro silikhala choncho. Inu mumafika pa khoma, n'kupala, n'kupaka, n'kumapita. Ine ndakhala nalo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndikudziwa pamene limagona. Pansi pa zenera limatsika mizere iwiri, kumakona, pakati n'poyera. Pachitseko limakhala pamene pamafika dzanja, ndi pansi pamene anthu amakankha ndi phazi. M'munsi mwa khoma mumada mpaka m'bondo, chifukwa cha madzi amene amawaza m'mawa kuti fumbi ligone. Nanga zitosi za nkhunda munaziika padenga lonse chifukwa chiyani? Nkhunda za pasiteshoni paja zinkatera mbali imodzi yokha, ya kumene mayi anga ankayanika chimanga."

Azmi anakweza mutu pang'onopang'ono. Anadya tende lija.

"Fumbi latsala lochuluka bwanji m'chitini?" anafunsa Tahani.

"Masipuni atatu."

"Akwana. Pakuti simuliwazanso ngati wamisala."

Masiku atatu otsatirawo ndinapitako m'mawa uliwonse kukaonerera, chifukwa zoterezi sizibwera kawiri. Mbali ina ya tebulo mathireyi a kahk, mabisiketi athu a pa Idi, akudikira kupita ku uvuni, mbali ina siteshoni. Tahani manja ali mu ufa, akulozera ndi chibwano. Usta Azmi, amene makontirakitala amamuimirira akamalowa, akungoti "Pano?" "Ayi, m'munsi pang'ono." "Pano?" "Mwachulutsa, fufutani. Kodi maso munawasiya kuntchito?" Pa zenera la matikiti anamuuza adetse mwala wa pansi, koma pakati pake pasalale, pamene zigongono za anthu zinkatsamira. Kumpopi anamuuza aike kobiriwira pang'ono. Azmi dzanja lake silinjenjemera, zimenezo ndimutamande. Kadontho kamene ine sindingakaone popanda magalasi awiri, iye amakapatsa mbali yowala ndi mbali yamthunzi.

Tsiku lachitatu Tahani anapukuta manja, n'kuwerama pafupi ndi kabenchi ka pakhonde la siteshoni.

"Apa, pamwamba pa benchi, kumapeto kwa kumanzere. Ikani kabanga kozungulira, ka mafuta."

"Ka chiyani?"

"Mwaiwala? Apongozi anga, bambo anu, ankakhala pamenepo podikira sitima ya masana, mutu atatsamiritsa kukhoma. Tsitsi lawo lija la mafuta. Ine ndinkakaona kuchokera pazenera la kwathu, chikhalirenicho ndinkafuna kukakachapa."

Azmi anatenga dontho la mafuta a azitona ndi mwaye pang'ono pansonga ya singano. Anatenga ola lathunthu pa kabanga kochepa kuposa nsabwe. Atamaliza anapopera vanishi, n'kupita pakhonde kukayang'ana makapeti kwa nthawi ndithu, ngakhale makapetiwo anali atalowa kale m'nyumba.

Tsiku lachiwiri la Idi tinanyamula siteshoni pa thireyi ya kahk, titaphimba ndi nsalu. Anthu mumsewu ankatambasula manja kuti tiwagawire. A Dokotala Medhat anali atafika kale, ndipo ndisaname, siteshoni yawo inali yokongola. Maluwa m'mazenera, nyali zoyaka, denga losongoka ngati mkondo.

"Adokotala," ndinafunsa, "dengali lasongoka chonchi bwanji?"

"Kuti chipale chofewa chizitsetsereka, amalume."

"Eya, mwachita bwino. Chaka chatha ku Tanta kuno chinatikwirira mpaka m'khosi, ngamila zinkayenda ndi majuzi."

Anthu anaseka, a Dokotala nawo anaseka, koma anati, "Sekani, tione katoni ya maswitiyo."

Azmi anavundukula. Haji Shehata anavala magalasi, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugwetsa wotchi. Anayenda ndi chala m'mwamba osakhudza, kuchokera kumpopi, kudutsa pachitseko, kufika pa zenera la matikiti. Pamenepo anaima, n'kuyang'ana chigongono chake. Kenaka anafika pa benchi.

"Fikri," anatero. "Apa ndi pa Fikri. Ndinkamuuza tsiku ndi tsiku kuti adzabowola khomali ndi mutu."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Za kuvota palibe anazikumbukanso. A Dokotala Medhat ndiwo anasuntha bokosi lawo okha, n'kuthandiza Azmi kukhazika siteshoni pokhotera paja. Atatha anamukokera pambali, koma ine makutu anga amamva nyerere ikatsokomola kutali ku Aswan.

"Usta, ndani anakuphunzitsa kudetsa chonchi? Yangayi ndikufuna iziwoneka ngati mwakhalamo anthu."

"Mmisiri wake ali kunyumba," anayankha Azmi, chifuwa chili patsogolo. "Koma muyambe mwavula nsapato."

Haji Shehata analamula kuti kuyambira tsiku limenelo, sitima iliyonse ya pa tebulo, ngakhale yothamanga ya ku Alexandria, iziima pa Kafr el-Tin masekondi khumi. Ulemu umene siteshoniyo siinaulandirepo ili moyo.

Azmi akupakabe nyumba za anthu, ndipo tsopano akafika pa khoma amayamba waima kaye, kuyang'ana pamene pada, asanapale. Eni nyumba amayesa akuwerengera penti. Tahani anapita kamodzi kukaona siteshoni pamalo pake. Anaiyang'ana, anagwedeza mutu, kenaka anayendetsa chala pa tebulo lonselo n'kuchiyang'ana. Madoda asanu ndi atatu anaimirira kutsogolo kwa tinyumba tawo manja atatambasula, ndipo Haji Shehata anabisa ndowa kuseri kwa chitseko.