Chaka Chimene Atate Anabwera Wapansi Kuchokera ku Joni

"Amake Tadala, kodi kuchoka ku Joni kudzatera ku Lilongwe ndege imatenga nthawi yaitali bwanji?" anandifunsa a Nabanda, oyandikana nawo nyumba, tikuyanika matewera. Amuna awo ali komweko. Ndinayankha ndisanaganize n'komwe kuti maola awiri ndi pang'ono. Ine ndege sindinakwerepo, koma yankholo ndinaliloweza ndili Sitandade 3, kwathu kwa Mavwere.

Chaka chimenecho atate anamwalira ku Joni, kumene ankasamala maluwa panyumba ya mzungu. Popita anakwera basi, kugona panjira kawiri. Pobwera, bwana wawoyo anawakweza ndege. Bokosi linafika lomata, likununkha vanishi ndi mankhwala a kuchipatala, moti nkhope sitinaone. Fungolo linatsalira m'nyumba mpaka m'zofunda.

Kwathu maliro akamachokera kutali, wachibale amakhala pambali pa bokosi n'kumamuuza womwalirayo njira: pano tawoloka mtsinje, pano takhota, tiyeni kwathu. Akapanda kuuzidwa amatsalira. Amene anaperekeza bokosilo anali a Yohane, ang'ono awo a atate. Titaika maliro, amayi anawafunsa ngati anawauza njira.

"Alamu, ndikanawauza bwanji? Iwo anali kunsi ndi katundu, ine pamwamba. Pawindo mitambo yokhayokha. Ndikumaliza kumwa tiyi, akuti tafika."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Maola awiri ndi pang'ono."

"Ndiye kuti munthu mwamusiya," anatero amayi motsitsa mawu. "Akubwera wapansi."

Amayi anakana kumetedwa tsitsi la maliro mpaka atate atafika. Madzulo aliwonse ankaika beseni la madzi pakhonde, ndi mwala wokwechera mapazi. Inali nyengo yokumba mtedza, mphepo ya mwera ikuliza mapesi. Anzathu anakumba n'kuthothola, wathu unangotsalira m'nthaka, chiswe ndi mbewa zikudya. Galu akayang'anitsitsa kunjira osauwa, amayi ankasiya chilichonse n'kuimirira. Ndinapempha aphunzitsi kuti andionetse Joni pa mapu, ndipo mtunda wonsewo unakwana chala changa chimodzi. Ndinadabwa chimene atate ankachedwera. Posakhalitsa ndinasiya sukulu kuti ndizibereka mlongo wanga wakhanda.

M'mawa wina ndinapeza madzi a m'beseni atafiira ndi fumbi. Mwala unali wonyowa, ndipo mapazi onyowa anadinda pansi kulowa m'nyumba. Ndinathamangira kuchipinda.

"Amayi, afika!"

Amayi anali chigonere. Anangondiyang'ana. Mawa lake madzi anafiiranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Ine ndinasiya kukhala pampando wa atate, ndipo podutsa pamenepo ndinkagwada pang'ono.

Panopa, ndili ndi mwana wanga kumsana, ndimakumbukira kuti mapazi aja anali aang'ono, komanso kuti zidendene za amayi zinali zitang'ambika mpaka magazi. Ankalawirira kumsewu wa tala kukawachingamira atate, akutchula mayina a mitsinje. Mvula yoyamba itagwa, amalume anawameta, koma kunjira sanasiye kuyang'anako mpaka imfa yawo.

A Nabanda ndinangowauza maolawo basi. Sindinawauze kuti maola awiri amenewo anatilanda mtedza wa munda wonse, chaka changa cha sukulu, ndi amayi amene ndinkawadziwa.