Chitsulo cha m'ntchafu mwa amayi

Kwathu kwa Mwambo mvula imatsogoza fungo. Mphepo imachokera kunyanja ya Chilwa itanyamula kafungo ka matope amchere ndi udzu wa mlulu wovunda, kenako phiri la Chisi limazimirira mumtambo wakuda bii. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo mtima umandigunda, chifukwa limandibwezera ku dzinja lija amayi anabwera kunyumba ali ndi chitsulo m'ntchafu.

Ine Elube ndinali kamtsikana ka sitandade yachiwiri, ndipo mlongo wanga Yohane anali atangoyamba kuyenda dededede. Amayi anathyoka fupa la m'ntchafu m'chilimwe, galimoto ya matola itagubuduzika akupita kukagulitsa matemba ku Songani. Anakhalitsa kuchipatala chachikulu ku Zomba, mwendo atauwongola ndi chingwe chomangirira mwala, kudikira tsiku la opaleshoni. Ife tinatsala ndi achemwali awo, amene tinkawatcha mayi aakulu, munthu wamtima wabwino koma wapakamwa posatseka.

Amayi anabwera pa njinga ya ababa, atawonda, chitenje chawo chikununkha mankhwala. Anthu odzazonda anadzaza pakhonde. Amayi anawaonetsa chipsera cha m'chiuno, chachifupi ngati chala, n'kufotokoza kuti madokotala analowetsa chitsulo chachitali m'kati mwenimweni mwa fupa, kuyambira m'chiuno mpaka pafupi ndi bondo. Ululu unali utachepa, ndipo ankatha kuponda pansi atatsamira ndodo ziwiri za kuchipatala. Aliyense anathokoza Mulungu. Ine ndinagona pamiyendo pawo madzulo onsewo, osafuna n'kusewera komwe.

Chisangalalocho chinatha tsiku limene bingu loyamba linagunda. Kwathu kukayamba kung'anima aliyense ankadziwa chochita: makasu kuwaponya kuseri, kagalasi kukavundikira ndi nsalu, wayilesi kuzimitsa, wovala chofiira avule. Mayi aakulu ankathamangathamanga akuchita zimenezi, kenako anangoima chilili pakati pa nyumba, beseni lili m'manja, maso ali pa mwendo wa amayi.

"Kalanga ine! Nanga ichi chili m'thupichi tichibisa kuti?" anatero. "Make Elube, mphezi imatsata chitsulo. Ana ali m'nyumba munotu."

Amayi anamuchotsa Yohane pamiyendo n'kundipatsa, anatola ndodo zawo, n'kudutsa pabwalo pang'onopang'ono, madontho oyamba akuwagwera pamutu. Anakalowa m'kakhitchini kathu ka udzu kamene kanaima pakokha pafupi ndi mtengo wa mgwalangwa.

Kuyambira tsiku limenelo zinangokhala choncho. Mtambo ukangoda ku Chisi, amayi ankasiya chilichonse, kaya akusankha mpunga kaya akundiluka tsitsi, n'kunyamuka. Nkhani inawanda mudzi wonse. Azimayi obwera kudzacheza ankakhala diso lili kumwamba, ndipo kamphepo kakangowomba ankakumbukira kuti anasiya ndiwo pamoto. Kutchalitchi mvula ikatipeza, amayi ankatsala okhaokha pa benchi yawo. Tchalitchicho chinali cha malata, misomali mbwee, koma zimenezo palibe ankaziganiza. Ababa ankakhalitsa kunyanja, m'zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa udzu. Atamva anangoti ndi nkhambakamwa, m'mawa mwake n'kubwerera ku maukonde awo.

Ine mantha anandilowa mpaka m'mafupa. Kusukulu ndinkakhala pafupi ndi zenera kuyang'ana mitambo, ndipo aphunzitsi ankandikoka khutu pafupifupi tsiku lililonse. Anthu akamapempherera mvula kuti mpunga uchite bwino kudambo, ine chamumtima ndinkapempha dzuwa. Chondipweteka kwambiri chinali chakuti bingu likagunda, miyendo yanga inkafuna kuthamangira kwa amayi monga mwa masiku onse, koma amayiwo ndiwo anali chinthu choopsacho. Ngakhale kunja kuli ngwee ndinasiya kukhala pamiyendo pawo. Ndinkangowadutsa chapatali ngati mmene timadutsira mphika wa madzi owira. Amayi ankaziona zonsezo.

Tsiku lina masana, nthawi yowokera mpunga, mayi aakulu ali kudambo, kunja kunada mwadzidzidzi mpaka nkhuku zinalowa m'khola. Amayi anandipatsa Yohane n'kupita kumalo kwawo. Mvula inagwa ya mphepo, yopingasa, bwalo lonse n'kusanduka chithaphwi. Ndinakhala pa mng'alu wa chitseko ndikusuzumira kakhitchini, Yohane atandikakamira m'khosi. Kenako kunayera mbee, ndipo nthawi yomweyo kunaphulika chiphokoso choti phaa, mpaka dothi la pakhoma linayoyoka. M'makutu munangoti ziii. Nditatsegula maso ndinaona utsi ukufuka kuseri kwa khitchini, ndipo mphepo inabweretsa fungo la chinthu chopserera.

Ndinadziwa kuti amayi afa. Sindinakayike n'komwe. Ndinamukhazika Yohane pamphasa, ndinatsegula chitseko, n'kuthamanga m'matopemo ndikukuwa ngati ndapenga.

Ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi mafuwa, denga likudontha paliponse, phulusa litasanduka phala. Anali atanyowa thupi lonse, akunjenjemera, milomo ikuyenda ndi pemphero. Anali moyo. Ndinadzigwetsa pa mwendo womwewo n'kuukumbatira ndi manja onse.

"Choka! Elube, choka, bwerera m'nyumba!" anakuwa amayi.

Anandikankha, anandimenya khofi pamsana, iwo amene anali asanandimenyepo. Ine ndinakakamira ngati nkhupakupa. Bingu linagundanso, ndipo apo anasiya kulimbana nane. Anandikokera pachifuwa n'kundifunditsa chitenje chawo chonyowacho, mtima wawo ukugunda m'khutu mwanga. Tsaya langa linali litakhudza ntchafu ija. Ndinkayembekeza kuti ikhala yozizira ngati khasu la m'mawa, koma inali yofunda, mwendo wa amayi basi. Tinakhala momwemo mpaka mvula inakata, Yohane akulira pakhomo.

Mphezi inali itamenya mgwalangwa. Unang'ambika kuchokera kunsonga, masamba atapserera. Ine ndinaganiza kuti tsopano aliyense aona kuti mphezi yasiya chitsulo n'kusankha mtengo. Koma mayi aakulu atafika kuchokera kudambo anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mwaonatu? Imafuna iyeyu, yangophonya." Choncho amayi anapitiriza kutuluka, dzinja lonse, mpaka mitambo inatha. Chimene chinasintha n'chakuti ankatseka chitseko cha nyumba ndi chingwe chakunja kuti ndisawatsatirenso.

Pofika nthawi yomweta mpunga anali atataya ndodo imodzi, kenako inayo. Fupa linagwirana bwinobwino. Anabwerera ku geni yawo ya matemba, ankasenza ndowa kuchokera kumjigo, ndipo mpaka lero amavina m'kwaya ya azimayi popanda wodziwa kuti anathyokapo. Anthu anaiwala pang'onopang'ono, monga amaiwalira zonse.

Ine sindinaiwale. Nditakula n'kubereka mwana wanga woyamba, ndinapita naye kumudzi, ndipo tsiku lina titakhala pamphasa pakhonde fungo lija la matope linafika. Ndinawafunsa ngati ankakhulupiriradi zoti chitsulo chija chingaitane mphezi. Anaseka, nati iwo eni anafunsa adokotala asanatuluke m'chipatala, ndipo adokotalawo anawatsimikizira kuti zimenezo sizichitika.

"Ndiye munkatulukiranji, amayi, n'kumanyowa choncho?" ndinafunsa.

"Anandiuza, inde, ndipo ndinawamva," anatero. "Koma m'nyumba muja munalibe mwana wa adokotala. Zinthu zina sungayesere pa mwana wako."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti dzinja lija wamantha ndinali ine, ndipo amayi ankangomvera achemwali awo. Sindinkadziwa kuti mantha aakulu anali m'kakhitchini muja, ndi munthu wodziwa zoona koma wosalimba mtima kuziyesa ife tili pafupi. Tili chikhalire, bingu linagunda chapatali ku Chisi. Amayi anapitiriza kusankha mpunga m'lichero, osadzutsa mutu, koma ndinaona akusuntha mwendo uja pang'ono, kuutalikitsa ndi pamene panagona mwana wanga.